Briseis amalankhula kamodzi kokha, ndiye Homer tiwerengerenji?

Mtsikana wina wa ku koleji wanditumizira imelo, akuwerenga Iliad, ndakatulo yakale ya Homer yonena za nkhondo ya Agiriki ndi mzinda wa Troy, mu kalasi ndipo akuti yamunyansa. Funso lake mwachidule ndi ili: "Akazi m'ndakatulo imeneyi amuna akungopatsirana ngati katundu, koma aphunzitsi akuti ndi yopambana. Yopambana kwa ndani?"

Achemwali, zimene mwaonazo zilimodi, asakunamizeni munthu kuti simukumvetsa. Iliad imayamba ndi Agamemnon, mtsogoleri wa Agiriki, akukakamizidwa kubweza Chryseis, mtsikana wogwidwa pa nkhondo, kwa bambo ake poti mulungu Apollo wagwetsa mliri mumsasa wa Agiriki, ndiye kuti asaoneke wochepa akulanda Briseis, mkazi winanso wogwidwa pa nkhondo, kwa Achilles, ngwazi ya Agiriki, mkangano wonse wa ndakatuloyi gwero lake ndi pomwepo. Briseis ameneyu mwamuna wake anaphedwa ndi Achilles yemweyo, alongo ake atatu anaferanso pa nkhondo. Koma mu magawo 24, mizere yoposa 15,000, amatsegula pakamwa kamodzi basi, mu gawo 19, ndipo apo akulira maliro a Patroclus, mnzake wapamtima wa Achilles.

Si akazi okha ayi. Mu gawo 2 msilikali wamba dzina lake Thersites akuimirira kunena kuti Agamemnon akudzikundikira chuma pomwe ovutika ndi ena, zimene Achilles ananenanso, koma iyeyu woimba akuyamba watiuza kuti anali wonyansa kuposa onse, kenako Odysseus, mmodzi wa mafumu a Agiriki, akumukwapula ndi ndodo yachifumu gulu lonse nkumaseka. Ku Odyssey, ndakatulo inanso ya Homer yonena za kubwerera kwawo kwa Odysseus, nkoipitsitsa. Mu gawo 22 akapolo aakazi 12 akuwanyamulitsa mitembo ya amuna amene anadzaza nyumba ya Odysseus kufunsira mkazi wake Penelope, akuwapukutitsa magazi, akamaliza Telemachus, mwana wa Odysseus, akuwapachika onse pa chingwe cha ngalawa poti ankagona ndi amunawo. Ndime imeneyo ine sindiyikira kumbuyo ngakhale pang'ono, ndi yankhanza, ndipo zoti akapolowo analibe mphamvu yokana amuna amene anadzaza nyumbayo ndakatuloyi siyikupatsa mpata wokwanira.

Chifukwa chake chimodzi nchoti izi zisanalembedwe zinkaimbidwa. Akatswiri ambiri amati zinafika pa maonekedwe amene tili nawowa cha m'ma 700 BC. Katswiri wina, Milman Parry, anapita ku Yugoslavia pakati pa 1933 ndi 1935 kukajambula oimba osadziwa kulemba amene ankatha kuimba nkhani zazitali, ndipo iye ndi wophunzira wake Albert Lord anaonetsa kuti mawu obwerezabwereza aja, Achilles wa miyendo yothamanga ndi ena otero, ndi zida za munthu amene akupeka uku akuimba pamaso pa anthu. Tonse amene tinamvapo nthano tikudziwa kuti wonena padangokhala amadikira tilitonse, amayang'ana nkhope za omvera. Nanga omvera a oimba aja anali ndani? Odyssey yomwe ikutionetsa, Demodocus akuimba m'nyumba ya mfumu Alcinous pa phwando, Phemius akuimbira amuna olemera ofunsira Penelope mokakamizidwa. Woimba wodya kwa mfumu sangaike Thersites pa mpando.

Koma apa ndi pamene ndikusiyana nanu pang'ono, chifukwa woimba yemweyo nthawi zina amaona zimene mafumu ake sakuona. Bwererani pa gawo 19 lija. Briseis akamaliza kulira, ndakatuloyi ikuti akazi enawo analira naye, poyera ngati akulirira Patroclus, koma aliyense akulirira mavuto ake. Mizere iwiri yokha, koma ikukuuzani kuti wopekayo ankadziwa kuti akapolowa ali ndi chisoni chawochawo ndipo sangachilire poyera pokhapokha atabisala kuseri kwa maliro a mwamuna wachigiriki. Mu Odyssey gawo 8, Demodocus akamaimba za kugwa kwa Troy, Odysseus akulira, ndipo kulira kwakeko akukuyerekeza ndi kwa mkazi amene wagwera pa mwamuna wake wophedwa kunja kwa mzinda, adani akumumenya ndi mikondo kumsana kumutengera ku ukapolo. Taganizani, munthu amene anagwetsa mzinda akumuveka misozi ya mkazi wa mumzinda wogwetsedwa. Ndiye Iliad yomwe, ndakatulo ya Agiriki, siyithera pa chipambano chawo, ikuthera pa maliro a Hector mdani wawo, Andromache mkazi wake, Hecuba mayi ake ndi Helen mlamu wake akulira motsatizana, Andromache akuneneratu kuti iye apita ku ukapolo ndipo mwana wake mwina amuponya kuchokera pa linga.

Sindikunena kuti zimenezi zikufafaniza gawo 22 lija, sizingatheke. Ndikuti mukamalemba nkhani yanu ya ku kalasi musaime pa kunena kuti akazi sakulankhula, zimenezo aphunzitsi anazimva kale. Funsani kuti akaloledwa kulankhula ndi pa nthawi yanji, mupeza kuti mu Iliad kawirikawiri ndi polira kapena pochonderera, ndiye muone zimene akulowetsa m'maliromo zomwe sakanatha kunena pabwalo la amuna. Ndipo simuli woyamba kukwiya, Agiriki eni ake anafunsapo zomwezi. Mu 415 BC wolemba masewero Euripides anaonetsa ku Athens sewero lotchedwa The Trojan Women pa Chingerezi, limene akazi a ku Troy, Hecuba, Cassandra ndi Andromache, akudikira kugawidwa kwa ambuye awo atsopano, ndipo sewero lonselo ndi lawo. Mulipeze limenelo muliwerenge limodzi ndi gawo 24 la Iliad, la maliro a Hector lija.