Amalume akubwera ku England, tikamwe nawo kuti?

Achemwali ena a ku Leicester andilembera kuti amalume awo akubwera kuchokera ku Lilongwe. Akufuna kupita nawo ku pub (bala ya Angelezi) yakale Lamlungu, akadye nkhomaliro ndi kumwako pang'ono, koma amva zoti mowa wa Angelezi ndi wofunda. Apite kuti, akaitanitse chiyani?

Achemwali, za mowa wofundazi zimandiwawa, chifukwa bodzali timalifalitsa tokha. Mowa umene amati cask ale sulowa mufiriji. Umakhala m'migolo kuchipinda chapansi pa nyumba, pa madigiri 11 mpaka 13, ndipo wogulitsa amachita kuupopa ndi dzanja, kukoka chigwiriro chachitali chija kangapo mpaka tambula itadzaza. Ndi wozizira ndithu, kungoti pakhosi pozolowera Green wochita thukuta pabotolo pamaona ngati aiwala kuyatsa firiji. Komanso ndi mowa wamoyo: yisiti amakhala akugwirabe ntchito mumgolo, monga Chibuku chimapitirizira kuwira m'paketi. Munthu wodziwa masese asadabwe nazo. Vuto lake ndi lomwelo la masese: mgolo ukatsegulidwa ndi wa masiku atatu basi, ukapitirira mowa umachita mbuu n'kumanunkha ngati viniga. Mukapatsidwa wotere bwezani, pub yabwino imasintha popanda mkangano. Musanagule pemphani kulawa, amakuthirirani pang'ono kwaulere.

Mowawu unatsala pang'ono kutha pamene makampani akuluakulu ankalowetsa wa gasi paliponse, mpaka anthu anayambitsa bungwe la CAMRA mu 1971 kuti auteteze. Ndiye kukwera sitima ulendo wonsewo n'kukaitanitsa lager yomwe ili m'sitolo iliyonse, kwa ine kuli ngati kufika ku Mangochi n'kufunsa nkhuku, chambo chili pamoto. Yambani ndi bitter, mtundu umodzi wa cask ale, mphamvu yake imakhala cha m'ma 4 peresenti.

Amalume muwauziretu izi: palibe amene adzabwere patebulo kudzafunsa. Akangokhala phee adzakhala mpaka madzulo, ndipo kuitana wogulitsa ndi "psss" kapena kuomba m'manja ndi mwano waukulu kumeneko. Mumapita nokha pa kauntala, kuitanitsa, kulipira pomwepo. Mzere suoneka, koma wogulitsa amadziwa amene anayamba kufika, musakwezenso ndalama m'mwamba. Pint ndi 568 ml, kutanthauza kuti ziwiri zaposa mabotolo atatu a Green. Kuitanitsa half, theka lake, si manyazi.

Za nkhomaliro

Lamlungu ndi tsiku la Sunday roast. Nyama ya ng'ombe imabwera ndi Yorkshire pudding, chinthu cha ufa, mazira ndi mkaka chotukumuka ngati kambale, choti muzithiramo msuzi. Pambali pali mbatatesi zootcha, karoti, kabichi. Ya nkhumba imayenda ndi sosi wa maapozi, ya nkhosa ndi wa minti. Kanthu koyera kali pambali pa ng'ombeko ndi horseradish, kamalasa m'mphuno osati palilime, amalume alawe kaye ndi nsonga ya mpeni. Nsima kulibe, muwaphikire madzulo. Nyamayi amaotcha m'mawa kamodzi, ikatha yatha, choncho imbani foni pakati pa sabata musungitse tebulo la 12:30 kapena 1 koloko.

Malo ake pitani ku Nottingham, pa sitima ndi pafupifupi theka la ola kuchokera ku Leicester. Ye Olde Trip to Jerusalem ili m'munsi mwa Nottingham Castle, zipinda zina anazigoba m'thanthwe, ndipo pakhoma analemba 1189, chaka chimene amati pub imeneyi inayamba, ngakhale The Bell Inn ndi Ye Olde Salutation Inn mumzinda womwewo nazonso zimati n'zakale kuposa. Kuchokera pasiteshoni ndi poyenda pansi. Galimoto isiyeni pakhomo, koma onani ndandanda ya sitima Loweruka usiku, chifukwa Lamlungu ndi pamene amakonza njanji n'kukukwezani basi.