Bambo, mlekeni mwana akaphunzire kutsogolera anzake

Kalata ya sabata ino yachokera kwa bambo wina wa ku Area 25. Mwana wawo amaphunzitsa pa yunivesite ina muno mu Lilongwe, ali ndi digiri yachiwiri, ndipo angomusankha kukhala mkulu wa dipatimenti. Mabwana ake akufuna kumutumiza ku maphunziro a utsogoleri ndi kayendetsedwe ka ntchito pa nthawi ya mavuto. Bambowa akuti tulo sakuwona: "Ine ndimafuna apite kunja akatenge PhD, azitchedwa Dokotala. Kodi timaphunziro iti si kutaya nthawi?"

Bambo, makalata ngati anuwa amabwera kawirikawiri, ndipo amandipweteka mtima. Ndikufunseni mosapsatira: dzina la Dokotalali mukufunira mwanayo, kapena mukufuna anzanu a kutchalitchi amve? PhD ndi yofunika kwa mphunzitsi wa pa yunivesite, sindikukana. Koma sikolashipu sizigwa ngati mango a mu Disembala. Ofunsira ndi ambirimbiri, ndipo ena amadikira zaka. Dipatimenti ija siyidikira, mawa m'mawa ikumufuna.

Mwana wanu anaphunzira phunziro lake mozama, koma palibe anamuphunzitsa kuyang'anira anthu, ena mwa iwo amene anamuphunzitsa iye yemwe. Zinthu zikamayenda bwino mpatawu suwoneka. Kumbukirani pa 23 Marichi 2020, sukulu ndi makoleji atatsekedwa chifukwa cha Covid-19. Mkulu wa dipatimenti anatsala ndi foni m'manja, mauthenga a pa WhatsApp akungolowa usiku wonse: mayeso tilemba liti, ine kwathu kulibe netiweki, ndalama ya bando ndilibe. Aphunzitsi ena anali asanaphunzitsepo pa intaneti. Mu Januwale 2023 kolera inachedwetsa kutsegulira sukulu mu Lilongwe ndi Blantyre. Mu Novembala chaka chomwecho kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, bajeti yolembedwa bwinobwino n'kusanduka pepala wamba, mankhwala a mu labotale ndi inki ya pulinta zitakwera mtengo. PhD ya nthaka kapena ya unamwino siyiuza munthu kuti pa tsiku lotere ayambe wadula chiyani, asiye chiyani.

Maphunziro abwino a utsogoleri amalowa pomwepo: kuwerenga bajeti ndi kuikonzanso pakati pa chaka, malamulo ogulira katundu wa boma kuti munthu asadzapezeke m'manja mwa ACB chifukwa cha siginecha yake, kulankhula ndi ophunzira okwiya miyala isanayambe kuuluka, kugawira anzake ntchito m'malo mosenza zonse yekha mpaka BP kukwera. Malo ake alipo pafupi: Malawi School of Government ku Kanengo, komwe kale kunali Malawi Institute of Management (MIM). Akakhala maphunziro aatali opereka dipuloma kapena digiri, ayambe wafunsa ngati ndi ovomerezeka ndi NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro a m'makoleji ndi m'mayunivesite.

Kwa mwanayo nanenso ndili ndi mawu. Ngati akupitira alawansi ndi chakudya cha masana, ndi bwino angokhala. Satifiketi ya sabata ziwiri siyimukweza paudindo, asadzinamize. Apite ndi vuto lenileni la dipatimenti yake litalembedwa m'kope, akabwere ndi ndondomeko ya tsamba limodzi: sukulu ikatsekedwa mwadzidzidzi, ndani auze ophunzira, magiredi asungidwe kuti, mayeso asunthidwe bwanji.

Mafomu a PhD apitirize kudzaza madzulo akaweruka, bambo. Pa mafomu ena a sikolashipu pamakhala malo ofunsa ngati munthu anatsogolerapo anzake, ndipo chaka chamawa adzakhala nacho cholemba.