Mphaka wamkazi akayamba kulira usiku: mayankho kwa alimi a ku Mangochi

Mayi wina wa ku Namwera wafunsa za mphaka wake wamkazi wa miyezi 6, amene anamutenga kuti azigwira makoswe pa nkhokwe ya chimanga. Akuti kwa masiku angapo tsopano mphakayo akulira usiku wonse ndi mawu onga a khanda, akugubuduka pansi, sakudya bwino, ndipo anthu oyandikana nawo ayamba kunong'onezana kuti pakhomopo pali zamatsenga. Bambo wina wa ku Malembo, amene amayanika usipa, wafunsa ngati angamubayitse mphaka wake jakisoni wakulera wa amayi, popeza ana amphaka achuluka pathandala. Wafunsanso ngati mphaka wotsekedwa kubereka amasiya kugwira makoswe.

Mayi, mphaka wanuyo sakudwala ndipo palibe amene wamutuma. Wafika pa msinkhu wofuna wamwamuna, monga momwe mbuzi kapena ng'ombe imachitira ikatentha, ndipo kulirako n'kuitana wamwamuna. Mukamusisita pamsana pafupi ndi mchira mudzaona kuti akugwetsa chifuwa pansi, akukweza mbuyo, akupatutsira mchira kumbali ndipo akupondaponda ndi miyendo yam'mbuyo. Chimenecho ndicho chizindikiro chodalirika. Mphaka akatentha satuluka magazi ngati galu, choncho mukadzaona magazi kapena mafinya kumbuyoko, mudziwe kuti ndi matenda ndipo muthamangire kwa alangizi a ziweto.

Ambiri amayamba ali ndi miyezi 5 mpaka 9, koma ena amayamba ali ndi miyezi 4 yokha. Kutenthako kumatenga pafupifupi sabata imodzi, ndipo akapanda kukweredwa kumabweranso pakangopita masabata awiri kapena atatu. Chifukwa chake n'chakuti mphaka kawirikawiri satulutsa mazira mpaka atakweredwa, ndiye thupi limangobwerezabwereza kuitana. Kumaiko ozizira amphaka amapumula m'miyezi imene usiku umatalika, koma kuno kwathu, kumene usana ndi usiku sizisiyana kwambiri, angathe kutentha nyengo iliyonse ya chaka.

Panopa chofunika ndi kumutsekera m'nyumba, usana ndi usiku womwe, mpaka kulirako kutatha. Mutseke mazenera ndi mipata ya pakati pa khoma ndi denga, chifukwa amphaka aamuna amamva fungo ali kutali ndipo kukwerana kumatenga kanthawi kochepa kwambiri. Mumuikire beseni la mchenga pangodya kuti azidzithandizirapo, mchengawo muzisintha tsiku ndi tsiku, ndipo madzi akumwa asasowe, makamaka m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala pamene Mangochi yatentha. Musamumenye kapena kumuthira madzi, pakuti sakuchita mwadala ndipo ndodo siithetsa zimene thupi lake likuchita.

Ndikudziwa kuti ena amanena kuti mphaka aziyamba waswa kamodzi asanatsekedwe. Ine sindigwirizana nazo, chifukwa palibe phindu limene thupi lake limapeza pakutero. Mphaka wa miyezi 6 akadali mwana, mafupa ake akukulabe, ndipo akatenga bere chakudya chimene chikanamukulitsa chimapita kwa ana am'mimba. Bere limatenga masiku 63 mpaka 65, ana amabadwa atatu mpaka asanu nthawi zambiri, ndipo mayiyo angathe kutenganso bere akuyamwitsa. Mphaka mmodzi amatha kuswa kawiri kapena katatu pa chaka, kutanthauza kuti pakhomo pangabadwe ana opitirira khumi. Tonse tikudziwa kumene ana amenewa amathera: kutayidwa kutchire kapena kumsika, kumene amakula opanda katemera wa chiwewe, n'kumaba nsomba ndi anapiye a anthu.

Bambo a ku Malembo, jakisoni wakulera wa amayi musamuyerekeze n'komwe. Mankhwala a mtundu umenewo amaletsadi kutentha kwa kanthawi, koma kwa mphaka amatha kutupitsa mawere, kuyambitsa matenda a shuga, komanso kudzaza chiberekero ndi mafinya, matenda amene amapha ngati opaleshoni yachedwa. Mlingo wake anaupangira munthu wamkulu, pomwe mphaka wamkazi amalemera makilogalamu atatu kapena anayi basi. Ndiwonjezerepo chenjezo lina limene ndimalinena kulikonse: musamupatse mphaka panado. Chiwindi cha mphaka sichitha kusungunula mankhwalawa, ndipo piritsi limodzi lokha lingathe kumupha.

Njira yokhalitsa ndi opaleshoni yotseka kubereka. Siili ngati kufula tonde, kumene ntchito yonse imachitikira kunja. Dokotala wa ziweto amamugoneka mphaka ndi mankhwala, amang'amba pang'ono pamimba kapena m'nthiti cham'mbuyo, amachotsa timatumba ta mazira pamodzi ndi chiberekero, kenaka amasoka. N'chifukwa chake ntchitoyi siyoti aichite munthu wodziwa kufula mbuzi m'mudzi, ngakhale akhale waluso chotani. Nthawi yabwino ndi miyezi 4 kapena 5, asanatenthe koyamba, chifukwa mphaka wotsekedwa asanakwane miyezi 6 sagwidwa kawirikawiri ndi khansa ya m'mawere, yomwe kwa amphaka imakhala yoopsa kwambiri. Amene wayamba kale kulira, monga wa ku Namwerayu, madokotala ambiri amafuna kuti ayambe waleka, popeza akatentha mitsempha ya chiberekero imadzaza magazi. Mpata wake ndi waufupi, choncho mukonze tsiku panopa, osadikira kuti ayambirenso. Ngati anathawapo usiku wina, mumuuze dokotalayo, chifukwa mwina watenga kale bere.

Yambirani kwa mlangizi wa ziweto wa m'dera lanu kapena ku ofesi ya zaziweto pa boma, akuuzeni kumene kuli dokotala wochita opaleshoniyi. Mabungwe osamalira nyama a BSPCA ku Blantyre ndi LSPCA ku Lilongwe amagwiranso ntchito imeneyi. Ponyamula mphaka mugwiritse ntchito dengu lotsekeka kapena katoni yoboola mabowo, osati thumba la saka lomanga kukamwa, ndipo munyamuke m'mawa dzuwa lisanakwere. Mufunsiretu maola amene ayenera kukhala osadya, ndipo ngati sanalandire katemera wa chiwewe, amene amaperekedwa kuyambira miyezi 3, mupemphe kuti akonzerenso zimenezo.

Akabwera kunyumba akhale m'chipinda chouma ndi chaukhondo kwa masiku 10 mpaka 14, osakwera mitengo, osasambitsidwa. Balalo muziliona m'mawa ndi madzulo, makamaka inu a kunyanja kumene ntchentche zimachuluka pathandala la nsomba. Musapakepo phulusa, mafuta a galimoto kapena mankhwala a zilonda za ng'ombe. Likatupa, likayamba kununkha, ulusi ukaduka kapena mphaka akakana chakudya kupitirira tsiku limodzi, mubwerere kwa dokotala msanga.

Za makoswe musade nkhawa, bambo. Mphaka amasaka chifukwa ndi chibadwa chake, ndipo opaleshoni siikhudza maso, makutu kapena zikhadabo. Chimene chimasintha n'chakuti sayendayendanso kufunafuna wamwamuna, ndiye amakhala nthawi yambiri pafupi ndi nkhokwe ndi matumba a usipa. Amatha kunenepa mukamamupatsa chakudya chopitirira muyeso, koma musamumane chakudya poganiza kuti njala ndiyo imamusakitsa. Nsomba yake muziiphika ndi kuchotsa minga ikuluikulu, ndipo pakatha miyezi itatu iliyonse muzimupatsa mankhwala a njoka zam'mimba opangira amphaka, popeza wodya makoswe amatenga njokazi kawirikawiri.