Mayi, musamulande bukulo, wakuba sanapezeke

Mayi amene mwafunsa za mtsikana wanu wa Sitandade 6 uja, kuti watengeka ndi mabuku a ana ofufuza milandu mpaka mbale zimagona zosatsuka, ndipo mukuopa kuti nkhani za akuba zingamupatse maganizo oipa: ndaona kuti ambiri amene akuyankhani m'gulu muno akukulangizani kuti mumugulire mabuku a mayeso basi. Ine ndisiyana nawo, ndiye mundipirire, ndilemba zotalika. Ndine mphunzitsi wa pulayimale kuno ku Lilongwe, ndipo kunyumba ku Kawale ndikulera ana atatu, mmodzi wa iwo ndi wa mchemwali wanga.

Kumbukirani muli mwana, madzulo nsima itadyedwa, wina n'kunena kuti "Chilape!" Nonse munkayankha kuti "Nachize!" Iye amvekere, "Nyumba ya amayi anga yopanda khomo." Pamenepo aliyense mtima unali m'mwamba, kufuna kutchula dzira mnzake asanatchule. Panalibe mphotho, panalibe malikisi. Kukoma kwake kunali kwakuti yankho lili m'mawu omwewo amene wauzidwa, kwatsala n'kuti iwe uliwone. Buku limene mwana wanu wakakamiralo ndi chilape chomwechi, kungoti achitambasula masamba oposa 100 n'kuikamo anthu, galu ndi chitseko chokhoma.

Chimene chimagwira mwana kwenikweni n'chakuti wolemba amamutenga ngati munthu wanzeru. Mabuku ambiri amene timapatsa ana amawauza zochita: mvera makolo, usabe, samba m'manja. Mwana amadziwa phunziro lake asanafike tsamba lachitatu. Koma buku lofufuza limamuyalira zinthu n'kumusiya. Matope ali pa nsapato za munthu amene akuti sanatuluke m'nyumba tsiku lonse. Galu sanauwe usiku umene katundu anabedwa. Wina akuti anamva belu la kusukulu la 4 koloko, pomwe tsikulo linali Loweruka. Wolemba sanena kuti "taona apa". Amangodutsa, ndipo mwana akazindikira yekha amadumpha pa mpando. Olemba nkhani zotere ali ndi malamulo awo. Mu 1929 wansembe wina wa ku England, Ronald Knox, analemba malamulo 10 a nkhani zofufuza milandu. Ena mwa iwo ndi akuti wolakwa akhale munthu amene watchulidwa kumayambiriro kwa nkhani, wofufuza asabise kwa owerenga umboni umene waupeza, ndipo zamizimu zisalowemo.

Lamulo lomalizali ine ndimalikonda, chifukwa cha mmene timakhalira kuno. Ndalama zikasowa m'nyumba, mbuzi ikafa, sipachedwa kupezeka wonena kuti pali dzanja la munthu, ndipo kawirikawiri chala chimaloza gogo wina wosauka kapena mwana wantchito. Mwana amene wawerenga mabuku 10 momwe "mzukwa" wa m'nyumba yakale umapezeka kuti anali munthu wonyamula tochi, amazolowera kufunsa kaye kuti, kodi waona ndani, nthawi yanji, ali pati?

Ndikuuzeni zimene zinachitika kwathu chaka chatha. Mazira anayamba kusowa m'khola. Ine, ndivomere, mtima wanga unali utagamula kale kuti ndi mnyamata amene amatithandiza kusesa pabwalo, ndipo ndinatsala pang'ono kumuyankhula mawu oti sindikanatha kuwabweza. Mwana wa mchemwali wanga uja, wa zaka 11, osauza munthu, anatapa phulusa pa mbaula n'kuwaza pakhomo pa khola madzulo. M'mawa anandikoka dzanja: "Amalume, bwerani muone." Mapazi a galu, olowa ndi otuluka, ndi zikhokhombe za mazira kuseri kwa mpanda. Nditamufunsa kumene anazitenga nzeruzo anati m'buku. Ndinachita manyazi tsiku lonse, ndipo mnyamata uja mpaka lero sadziwa chimene chinatsala pang'ono kumugwera.

Chinanso n'chakuti m'mabuku amenewa ofufuzawo ndi ana. Taganizani moyo wa mwana wa zaka 9 mpaka 12 m'nyumba zathu. Alendo akabwera amauzidwa kuti pita panja, akulu akulankhula. Amatumidwa kukagula tomato, kukatunga madzi, kukaitana uje. Amaona zambiri, amamva zambiri, koma palibe amamufunsa maganizo. Ndiye atsegule buku, apeze mwana ngati iye amene waona chimene apolisi achiphonya, ndipo wachiona chifukwa chakuti akulu samusamala akamadutsa. Mungamuletse bwanji kulikonda? Njira imeneyi ndi yakale. Mu 1929 momwemo ku Germany kunatuluka buku la Erich Kästner lonena za mnyamata Emil, amene anaberedwa ndalama m'sitima ya pamtunda akupita ku Berlin, ndipo gulu la ana a mumzindamo linamuthandiza kulondola wakubayo. Mabuku a Famous Five a Enid Blyton, amene ambiri a ife tinawapeza m'laibulale za kusukulu, anayamba mu 1942 ndipo alipo 21: ana anayi ndi galu, makolo ali kutali.

Kuchuluka kwa mabuku a gulu limodziku kumathandiza kwambiri mwana amene Chingerezi si cha kunyumba. Akamaliza loyamba wadziwa kale anthu ake, amene ali wamantha, amene ali wamakani, ndi mawu amene wolembayo amakonda. Lachiwiri amalowa ngati kwa aneba. Mitu yake imakhala yaifupi ndipo uliwonse umathera pamene chitseko chikutseguka kapena tochi yazima, n'chifukwa chake mbale zanu zikugona pa sinki. Ndipo taonani zimene akuchita osadziwa: akukumbukira zimene anawerenga masamba 40 apitawo, akubwerera m'mbuyo kukatsimikiza, akulota tanthauzo la liwu lachilendo kuchokera ku mawu oyandikana nalo chifukwa alibe nthawi yofunafuna dikishonale. Luso limeneli ndi lomwe timavutika kuphunzitsa m'kalasi la ana ochuluka, ndi lomwe a MANEB amafuna mu Sitandade 8 akapereka kandime kuti mwana awerenge n'kuyankha mafunso. Anzathu a "mabuku a mayeso basi" aja andikhululukire, koma ana amene ndawaona akuyankha bwino mafunso a kandime ndi omwe amabisa mabuku a nkhani pansi pa desiki.

Za mantha anu oti aphunzira kuba. M'mabuku a msinkhu umenewu kawirikawiri mulibe magazi. Mlandu umakhala wa mkanda wosowa, kalata yopanda dzina, mapu akale, munthu wonamizira kukhala wina. Mumakhala mantha pang'ono, okwanira kuti mtima ugunde ali m'bulangete mwake, ndipo pomaliza wolakwa amagwidwa, wonamiziridwa amayera. Ana a msinkhu uwu nkhani ya chilungamo amaimva kuwawa kuposa ife. Gawirani ana awiri chigumu mosafanana muone. Dziko limene choonadi chimatulukira poyera nthawi zonse limawapumitsa mtima.

Koma sindinena kuti zonse ndi zokoma. Mabuku akale ena ali ndi tsankho: wakuba amakhala mlendo, wosauka kapena wakhungu lakuda. Ofalitsa mabuku a Nancy Drew, amene anayamba mu 1930, ndi a Hardy Boys, a mu 1927, anayamba kuwalembanso mu 1959, mwa zina pofuna kuchotsamo zoterezi, komabe akale aja amapezekabe m'milu ya mabuku a kaunjika. Mukakumana nazo musang'ambe tsamba, mufunseni kuti n'chifukwa chiyani wolembayu akufuna tikayikire munthu uyu. Ndi funso la wofufuza ndithu, adzalikonda. Mumuuzenso kuti dzina la Carolyn Keene lolembedwa pa chikuto cha Nancy Drew si la munthu weniweni, analemba ndi anthu osiyanasiyana. Ana anga atamva zimenezi anakangana sabata yathunthu.

Muchenjerenso pogula kwa mavenda a mabuku ku Old Town, chifukwa mulu umodzi umasakaniza a ana ndi a akulu, ndipo a akuluwo muli zakupha ndi zina zosayenera. Ine ndimatsegula tsamba loyamba n'kuona zaka za wofufuzayo. Akakhala mwana wasukulu ndimagula, akakhala wapolisi wosudzulidwa woledzera ndimabweza. Ngati thumba silikulola, National Library ku City Centre ilipo, mupite naye Loweruka lina akadzisankhire yekha. Ndipo mumuuze momveka kuti kulondola munthu wokayikitsa ndi za m'buku. Kuno ukaona zachilendo umauza wamkulu.

Chimene chimandipweteka ine n'chakuti ana athu akufufuza milandu ya m'mapanga a m'mbali mwa nyanja za ku Ulaya, pomwe Lilongwe yadzaza ndi nkhani. Foni yosowa m'minibasi ya ku Area 25 anthu onse ali momwemo. Jekete logulidwa mu msika wa Tsoka, m'thumba mwake muli kiyi ndi kapepala ka manambala. Wakabaza amene tsiku lililonse amaima pa geti lomwelo koma satenga munthu. Mwa inu olemba muli m'gulu muno, tikudikira.

Pakadali pano, mayi, yesani izi. Mbale zitsukidwe kaye, pamenepo musagonje. Kenako mumuuze kuti akufotokozereni nkhaniyo mpaka pamene wafika, koma asawerenge mutu womaliza. Aliyense alembe pa kapepala dzina la amene akumuganizira, mupinde, muike pansi pa sugabolo, ndiye awerenge mokweza. Kwathu tachita zimenezi kasanu. Ine ndalondola kamodzi, ndipo ana akuti tsiku limenelo ndinasuzumira kumapeto iwo ali kusukulu.