Akudya nsima yanga pangongole m'maofesi a pa Dedza, ndisiye kodi?

Funso: Ndimaphika nkhomaliro kunyumba kwanga pa Dedza boma n'kumakaperekera anthu a m'maofesi. Mbale ya nsima ya nyemba ndi masamba ndimagulitsa K2,500, ya nyama K3,500. Patsiku zimatuluka mbale 20, koma 12 mwa izo amadya kuti adzalipira pa malipiro. Mwezi ukatha ena amapereka theka, ena amandizemba. Mwezi wathawu ndinachita kukatenga ndalama ku banki mkhonde kuti ndigule ufa ndi makala. Ndisiye kodi? — Mayi wa pa Dedza boma

Yankho: Musasiye mayi. Anthu 20 oyembekezera dzanja lanu tsiku lililonse, ambiri amene amandilembera amalakalaka zomwezo. Chimene chadwala si mphika wanu ayi, ndi kope lija mumalembamo mayina.

Inenso ndinakhalapo mu ofesi, ndiye nkhomaliro ya kumeneko ndimaidziwa kayendedwe kake. Imatsata tsiku la malipiro. Sabata imene ndalama zalowa, 12 koloko ikangokwana mipando imatsala yokha, anthu ali pa chiwaya, tchipisi cha nkhuku, chakumwa chozizira pambali, ndalama pompopompo. Sabata yachiwiri nkhuku ija imasanduka dzira. Pofika pakati pa mwezi ena ayamba kubwera ndi kakontena ka mpunga wotsala dzulo, ena ali pa bawo pansi pa mtengo, ena apita kumapemphero a masana, ndipo wina wangotsamira khoma kuwothera dzuwa ndi foni m'manja, mukamufunsa akuti "ndadya kale". Apa m'pamene amakukumbukirani inu. Masiku a ndalama amadyera wa chiwaya, amene sadziwa kulemba dzina la munthu. Masiku ouma amabwera kwa mayi achifundo a kope. Taonani m'kope lanulo, mupeza kuti masamba odzaza kwambiri ndi oyambira cha pa 10 mwezi uliwonse.

Tiwerengere limodzi. Mbale 12 za K2,500 ndi K30,000 patsiku. Masiku ogwira ntchito pamwezi ndi pafupifupi 22, ndiye kuti K660,000 yanu imagona m'mimba mwa anthu olandira malipiro, ndipo sitinawerengeko za nyama zija. Mwawabwereketsa popanda chiwongoladzanja, inu n'kukakongola ku banki mkhonde komwe chiwongoladzanja chimawerengedwa mwezi ndi mwezi. Ndiye tsiku la malipiro likafika muli kumapeto kwa mzere. Banki yadula kale ngongole yake ndalama isanafike m'manja, mwini nyumba ali pakhomo, wa katapila anasunga khadi ya ATM, fizi ya ana ikudikira. Nsima inagayika kalekale, palibe chimene mungakalande. Onjezani kuti mitengo siima: chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, aliyense wogula mafuta ophikira akudziwa kuti ndalama yobwera patatha masiku 30 sigulanso botolo lomwe lija.

Tembenuzani kope, ndalama izitsogola nsima izitsatira. Sabata ya malipiro ndiyo yanu yoyenda m'maofesi, osati kukatolera ngongole kokha koma kukagulitsa mbale za mtsogolo. Munthu alipiretu mbale 10, K25,000, inu mum'patse 11. Dulani timakadi pa katoni, mulembe manambala, akadya mukhwatche imodzi. Mbale yaulereyo kwa inu ndi mtengo wa ufa ndi ndiwo basi, yotsika kutalitali ndi zimene akukuzembani nazo panopa. Wa mu ofesi nayenso zimamukomera, chifukwa amadzidziwa yekha kuti pa 18 m'thumba mudzakhala muli mphepo. Olipira pa Airtel Money kapena Mpamba muziwauza poyera kuti aonjezere yotapira, apo ayi timadulidwe timeneto tizikudyerani phindu mwakachetechete.

Ena akwiya, ndipo mbale zitsika. Zitsike. Mbale 14 zolipiridwa zimaguladi makala a mawa.

Ngongole zakalezo musakazitchulire pagulu, munthu wa tayi akachita manyazi pamaso pa anzake sabweranso ndipo salipira. M'tengereni pambali: "Achimwene, kope tatseka. Lero mudya ya kashi, pamwamba muziika K500 mpaka yakaleyo ithe." Ovuta kwambiri adzakhala abwana aja amene anakulolani kulowa ndi mabeseni pageti, paja mbalame ikakhala pauta siilasika. Amenewo muyambe ndi iwo kuwagulitsa kadi, mwaulemu, ngati kuti mukuwapatsa mwayi woyamba.

Chinanso, mulibe mbale ya pakati pa mwezi. Muli pa Dedza mayi, kwawo kwa mbatata ya kachewere, ndipo kabichi, tomato ndi anyezi za ku Bembeke ndi pa Lizulu sizichita kufunafuna. Mbatata yophika ya supu wa tomato ndi kakabichi pambali, kapena futali, mutha kuigulitsa motsika ndithu phindu n'kukhalapo. Amene akanati "ndilembeni" apeza kuti yochepayo ali nayo. Mu Juni ndi Julayi, chisanu chija chikatsika m'phiri, fulasiki ya tiyi wamkaka imatha msanga kuposa nyama.

Mtengo wa mbale muuwerengenso ndi cholembera, osati m'mutu. Ambiri amawerenga ufa ndi ndiwo, n'kuiwala makala, mchere, sopo, kabaza wonyamula mabeseni, mayunitsi, ndi mbale zinayi zimene apabanja panu amadya mu mphika womwewo. Kuti musamaphike zotsala, pezani munthu mmodzi mu ofesi iliyonse, kaya mesenjala kaya mlembi, azikutumizirani maoda pa WhatsApp isanakwane 9 koloko, Lachisanu azidya yaulere. Ndipo ola la nkhomaliro ndi limodzi lokha. Mukafika 12:30 mupeza njala yawakokera kale ku chiwaya.

Pitaninso ku khonsolo mukafunse za chiphaso cha bizinesi ya zakudya ndi kuyezetsa kuchipatala kumene ophikira anthu amayenera kuchita. Nthawi ya kolera ya 2022 ndi 2023 makhonsolo ambiri analetsa kugulitsa zakudya zophikaphika, ndipo mvula ikayandikira a zaumoyo amayamba kuyendera. Poti tsopano mudzakhala mutasunga ndalama za anthu zolipiriratu, tsiku loletsedwa kuphika lidzakhala ngongole yanu. Choncho ndalama ya makadi isamalowe yonse mu ufa tsiku limodzi: muziisunga pa foni, n'kumatapako ya sabata imodzi yokha Lolemba lililonse.