Musadikire kuti tsaya litupe

Achemwali, magazi a pa mswachi wa agogo a Chitchaina amene mukuwasamalirawo musawatenge mopepuka, ngakhale ana awo akuti ndi ukalamba chabe. Ndawerenga uthenga wanu mtima ukugunda, chifukwa ine ndinatsala pang'ono kutaya agogo amene ndinkawasamalira ku Manchester pa nkhani yomweyi.

Anali mayi wa zaka zopitirira 80, wochokera kumidzi ya ku New Territories ku Hong Kong, mmodzi mwa aja anabwera m'ma 1960 n'kukalambira m'khitchini ya takeaway. Chingerezi ankadziwa mawu owerengeka, chawo chinali Cantonese. Anayamba kukankha mbale ya mpunga, n'kumangofuna phala lawo lija amati juk. M'kamwa munayamba kununkha. Ndikamuuza mwana wawo, ankati ndi yeet hay, kutentha kwa m'thupi kobwera ndi zokazinga, n'kubweretsa tiyi wa zitsamba woziziritsa thupi. Mwanayo sindimuda, anakula akumva zimenezo. Amene ndikumunena ndi manijala wathu. Ndinalemba mu care notes katatu konse kuti nkhama zikutuluka magazi ndipo mayiwa ali ndi shuga, matenda amene amakulitsa chiseyeye. Iye anangoti family yakana, inu gwirani ntchito yanu.

Tsiku limenelo ndinafika m'mawa kudakali mdima, kukuzizira. Ndinawapeza atakhala m'mphepete mwa bedi, tsaya lamanzere litatupa mpaka diso latsekeka, thupi likutentha ngati mbaula. Pilo yense anali magazi osakanikirana ndi mafinya. Malovu akungotsika, kumeza akulephera. Mano awo oikirira anali asanawachotsepo usiku kwa nthawi yaitali, ankachita manyazi kuti munthu awaone opanda mano. Ndinagwada, ndinawagwira dzanja, ndinawapempha ndi manja mpaka analola, ndinawachotsa ndekha. Fungo lake sindidzaliiwala. Pansi pake nkhama zinali zofiira piriwiri, ndi zitsa ziwiri za mano akale zitaolera momwemo. Sanalire mayi aja. Anangondifinya dzanja n'kumabwereza mawu amodzi, tung, tung. Ndinadzamva pambuyo pake kuti akutanthauza kupweteka. Milungu yonseyo ankandiuza, ine osamva.

Ndinaimba 999, nambala yoitanira ambulansi. Kuchipatala anatipatsa womasulira wa pafoni wolankhula Mandarin, Chitchaina chosiyana ndi Cantonese, agogo osamva kanthu, tinadikiranso wina. Anawagoneka, kuwapatsa mankhwala a m'diripi, zitsa zija n'kuzizula. Ndiye manijala yemwe uja kundiitana muofesi, akuti bwanji simunatiuze msanga! Ndinanjenjemera ndi ukali, achemwali. Zolemba zanga zili pompo patebulo pake, ndi madeti omwe.

Inuyo musalimbane nalo banjalo. Tiyi wawoyo asiyeni azimwa, muzingowauza kuti tiyi ndi dokotala wa mano ziyendere limodzi. Lembanibe chilichonse mu notes, tsiku ndi nthawi, mudzadzitchinjirize nazo. M'kamwa musawakakamize kutsegula, ena amaluma ndipo mukhoza kupalamula mlandu, koma pezani njira yoti muonemo sabata ino. Mano oikirira azichotsedwa usiku ndi kutsukidwa. Nkhama zikamatuluka magazi musasiye kutsuka, pitirizani ndi mswachi wofewa kawiri pa tsiku. Onaninso mapiritsi awo, ambiri amaumitsa m'kamwa, ndipo amlodipine wa BP amatupitsa nkhama mwa anthu ena.

Ngati satha kutuluka m'nyumba, funsani za community dental service, madokotala a mano othandiza anthu ovutika kupita kuchipatala, amatha kufika pakhomo. Womasulira mutchule kuti ndi wa Cantonese, Hakka kapena Mandarin, musangoti Chitchaina. Za ndalama, kuno ku England kukalamba pakokha sikupatsa munthu chithandizo cha mano chaulere, koma amene ali pa Pension Credit ya Guarantee, thandizo la boma kwa okalamba opeza ndalama zochepa, salipira. Ululu ukakula imbani 111, nambala yofunsira thandizo la zaumoyo. Mukaona tsaya latupa mpaka kudiso kapena kukhosi, kapena akuvutika kumeza, imbani 999 pompo, manijala mumuuze ambulansi ili m'njira.