Kodi Bambo Akachepetsa Nyama Adzafooka?

Funso: Ndine mayi wa ku Mufakose kuno ku Harare. Amuna anga, omwe ali ndi zaka 58, anawapeza ndi matenda othamanga magazi. Mwana wathu akuti bambo ake asiyiretu nyama, koma iwo akukana, akuti nyemba si ndiwo za mwamuna wogwira ntchito yamanja. M'mawa amadya buledi ndi poloni, ndipo Loweruka lililonse amakawotcha nyama ndi anzawo ku Mereki. Kodi ndimvere ndani?

Yankho: Mayi, mantha a bambowo ndi omveka, pakuti ambirife tinakula tikuona nyama ngati ndiwo ya mlendo ndi ya tsiku la chisangalalo, pomwe nyemba tinkaziyesa za nthawi yosowa. Koma thupi silifuna mapuloteni ochuluka monga mmene anthu amaganizira. Munthu wamkulu amafunika pafupifupi magalamu 0.8 pa kilogalamu iliyonse ya kulemera kwake, kotero bambo olemera makilogalamu 70 akufunika magalamu 56 pa tsiku, kapena kupitirirapo pang'ono ngati ntchito yawo ndi yolemetsa. Kapu imodzi ya nyemba zophika imapereka magalamu pafupifupi 15, dzira limodzi 6, mtedza wodzaza dzanja 7, ndipo nsima nayo imawonjezerapo.

Chimene bambowo akunena chili ndi choonadi chake pang'ono. Chimanga chili ndi lysine wochepa, chomwe ndi chimodzi mwa zipangizo zimene thupi limamangira mnofu, ndiye munthu wodya nsima ndi masamba owiritsa okha tsiku ndi tsiku angafookedi. Koma lysine ameneyu amapezeka wambiri mu nyemba, khobwe, nandolo, nzama ndi soya, zimene zonse mungazipeze ku Mbare Musika. Agogo athu amene ankatendera nkhwani ndi nsinjiro, n'kuika mbale ya khobwe pambali pa nsima, sankadziwa dzina la lysine, komabe ankalima dimba lonse ndi khasu.

Chondidetsa nkhawa kwambiri m'kalata yanu ndi poloni ya m'mawa uliwonse. Mu 2015 bungwe la IARC, lomwe ndi nthambi yofufuza za khansa ya WHO, bungwe loona zaumoyo padziko lonse, linaika nyama zokonzedwa kufakitale monga poloni, soseji ndi bekoni m'gulu la zinthu zoyambitsa khansa, ndipo linapeza kuti kudya magalamu 50 tsiku lililonse kumakweza chiopsezo cha khansa ya m'matumbo ndi pafupifupi 18 peresenti. Kwa bambo anu vuto lapafupi ndi mchere, umene umakhala wambiri m'nyama zotere, pomwe WHO imalangiza kuti munthu asafike magalamu 5 a mchere pa tsiku. Nyama yofiira, ya ng'ombe, mbuzi kapena nkhumba, akhoza kudya ndithu, koma bungwe la World Cancer Research Fund limati isapitirire magalamu 350 mpaka 500 yophika pa mlungu. Kunena zoona, mwamuna wanjala amatha kumaliza mlingo wonsewo pa Loweruka limodzi, makamaka pakakhala mowa, umene nawonso umakweza kuthamanga kwa magazi.

Komabe sindikugwirizana ndi mwana wanu pa zosiyiratu nyama. Vitamini B12, amene amathandiza kupanga magazi ndi kuteteza mitsempha, sapezeka mu nyemba kapena masamba, ndipo anthu akamakula thupi lawo limavutika kumuyamwa. Wosiya nyama, nsomba, mazira ndi mkaka zonse pamodzi ayenera kumwa mapiritsi a B12. Njira yosavuta ndiyo kusunga mazira, chambiko, nkhuku ndi kapenta wa ku Kariba, amene amadyedwa ndi minga yake yomwe n'kupatsa thupi kashiamu. Kapentayo muzimuviika kaye m'madzi ofunda ndi kutaya madziwo kuti mchere uchepe.

Mukaphika nyemba muziikamo tomato kapena kufinyira ndimu m'masamba, chifukwa vitamini C amathandiza thupi kuyamwa ayironi wa m'zomera, ndipo tiyi azimwa patapita ola limodzi atadya. Musanasinthe zambiri, pemphani a kuchipatala awayeze impso, popeza matenda othamanga magazi amatha kuziwononga mwakachetechete, ndipo munthu wa impso zofooka amapatsidwa mlingo wakewake wa mapuloteni ndi wa nyemba zomwe. Mankhwala amene anawapatsa apitirize kumwa ngakhale zakudya zitasintha.